Mawu a pamsika ndi athu omwe, koma ali ndi malo ake

Dandaulo lakuti ana a masiku ano akuononga Chichewa lafika paliponse. Likumveka pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, likumveka paguwa, likumvekanso m'mapologalamu a pawailesi omwe anthu amaimba foni. Makolo akuti mwana ukamufunsa kuti wadzuka bwanji akungoti "bho", bambo ake akuwatchula kuti "madala", mayi ake "masteni", ndipo akamacheza ndi anzake pakhonde, munthu wamkulu sungatolepo kanthu ngakhale uli pomwepo.

Ife tikuti dandauloli lili ndi mfundo, koma ambiri akuloza chala polakwika. Mawu atsopano paokha sadaphepo chiyankhulo. Chomwe chiyenera kutidetsa nkhawa ndi mwana amene sakudziwa kuti mawu awa ngoyankhula kwa mnzake, awa ngoyankhula kwa apongozi, awa ngolemba pamayeso. Chinanso chodetsa nkhawa kwambiri ndi mawu amene akuluakulu enieni tikugwiritsa ntchito pobisa zoipa komanso ponyoza anzathu.

Tiyambe ndi kukumbutsana komwe Chichewa chomwe timachitcha chenichenicho chidachokera. Amene akuvala nsapato lero akuvala mawu a Chipwitikizi. Mbatata, fodya, kapitawo, kachasu ngakhalenso ganyu ndi mawu omwe adalowa m'chiyankhulo chathu makolo athu atakumana ndi Apwitikizi kuchigwa cha Zambezi. Ndege, bwana, boma, mzikiti ndi mandasi tidatenga ku Chiswahili. Sukulu, buku, botolo ndi sitima ndi Chingerezi chomwe lilime lathu lidachipinda mpaka chidakhala chathu. Achimwene ndi achemwali, mawu omwe lero ndi aulemu m'dziko lonse, ndi mphatso yochokera kwa Ayao.

Agogo athu omwe adapita kumigodi kudzera ku Wenela adabwerako ndi masutikesi, mabulangete ndi mawu. Johannesburg adamufupikitsa nkukhala Joni. Munthu wokhalitsa kunja osabwerera kwawo adamutcha mtchona. Fosholo ndi mgodi zidabwera ndi iwowo. Boma litaletsa kulemba anthu a kumigodi mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70, maulendowo adaima koma mawu aja adatsala. Sitikukayika kuti nkhalamba za nthawi imeneyo zinkadandaula kuti anyamata obwera ku Joni akuyankhula zosamveka, monga momwe tikudandaulira ife lero.

Pankhani ya ndalama ndiye pali umboni wosatsutsika. Kwacha idayamba kugwira ntchito mu 1971, ndipo makwacha awiri ankafanana ndi paundi imodzi. Koma kwa zaka zambiri pambuyo pake, amayi pamsika ankatchulabe mitengo m'mapaundi, ndipo mpaka lero timati munthu ali ndi makobiri pomwe ndalama zamkuwa zija zidasowa kalekale. Ndiye mnyamata wa minibasi akamati "faifi hanzi" potanthauza K500, akungotsata njira yomwe agogo ake adalambula.

Tsono taonani mawu omwe abadwa ife tikuona. Kaunjika adabadwa pamsika chifukwa zovala zake amaziunjika pansi. Kabaza ndi dzina lomwe aliyense akulidziwa kuyambira pa Jenda mpaka pa Luchenza. Katapila, banki mkhonde, chiwaya, kanyenya, mayunitsi, geni: palibe komiti yomwe idakhala pansi kuti ipeke mawu amenewa. Adapekedwa ndi anthu wamba amene adaona chinthu chatsopano nkufuna kuchitchula. Lero mawuwa akulembedwa m'nyuzi ndipo akuwerengedwa pankhani za pawailesi popanda wodabwa. Mawu omwe dzulo adali a pamsika, lero ndi Chichewa cha aliyense.

Akatswiri a ziyankhulo adaziona kalekale zimenezi. Francis Moto, yemwe ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, adalemba mu 2001 za kayankhulidwe katsopano ka achinyamata ndi momwe anthu amakaonera. Ena kayankhulidweka amakatcha Chibrazi, kuchokera ku mawu oti "brazi", omwe anyamata amaitanirana ngati abale. Sikuno kokha komwe zili chonchi. Ku Lusaka kuli Chinyanja cha m'tauni chomwe chimasiyana ndi cha ku Chipata, ku Nairobi kuli Sheng, ndipo ku South Africa kuli Tsotsitaal. Paliponse pomwe anthu a mitundu yosiyana akumana pamalonda, pamabadwa kayankhulidwe kotere. Misika yathu ya Lizulu, Mitundu, Mponela, Lunzu ndi Ntaja ndi mafakitale a mawu.

Dziko lino lidayesapo kuika mlonda pachiyankhulo. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko. Mu 1972 padakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board kuti liziwongola kalembedwe ndi kayankhulidwe, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda mwini wake ankadzudzula poyera Chichewa chomwe ankachiona kuti nchopotoka. Bungweli lidagwira ntchito yotamandika pa malamulo a kalembedwe, koma silidathe kuletsa anthu kupeka mawu pamsika ndi m'mabasi. Lidathetsedwa mu 1995 ndipo m'malo mwake mudabwera Centre for Language Studies mu 1996. Phunziro lake nlakuti boma likhoza kulamula momwe mawu alembedwere, koma pakamwa pa anthu silingaikepo loko.

Tisaiwalenso kuti kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu pafupifupi 17.5 miliyoni ndipo theka la iwo adali osakwana zaka 18. Chichewa cha mawa chili m'kamwa mwa ana amenewa, tifune tisafune. Kulimbana nawo pa liwu lililonse latsopano ndi kulemba m'madzi.

Koma apa mpomwe pagona nkhani. Kuvomereza kuti chiyankhulo chimasintha sikutanthauza kuti mawu aliwonse ngoyenera paliponse. Chichewa ndi chiyankhulo chomwe ulemu wake uli m'kati mwa mawu enieniwo. Pali "iwe" ndi "inu". Pali "a" amene timaika patsogolo pa dzina la munthu wamkulu. Pali kuitana munthu ndi mfunda wake, a Phiri, a Banda, Nangozo, Nabanda, m'malo motchula dzina lake ngati mwana. Pali "odi" pofika pakhomo, "zikomo" podutsa pomwe pakhala anthu, "wawa" polonjera akuluakulu, ndi "pepani" pa zovuta. Izi sizokongoletsa chabe. Ndi zomwe zimamuuza munthu kuti mnzake akumuona ngati munthu.

Makolo athu ankadziwanso kuzungulira mawu olemera. Munthu wamkulu safa, amatisiya kapena kutsikira kulichete. Mayi amakhala woyembekezera. Munthu amapita kukadzithandiza. Ndipo anthu omwewo, aulemu choncho, adali ndi malo awo omasukira. Pachisuweni anthu amanyogodolana mpaka misozi ya chimwemwe. Adzukulu pamaliro amayankhula zoseketsa zomwe wina aliyense sangayerekeze kunena. Agogo ndi mdzukulu amatchulana mwamuna ndi mkazi mocheza. Choncho kuyankhula momasuka sikwachilendo pachikhalidwe chathu. Chachilendo ndi kusadziwa malire ake.

Mnyamata akauza mnzake kuti "shapu aise", palibe cholakwika. Koma mnyamata yemweyo akafika pabwalo la mfumu, kapena akapita ndi malume ake kukafunsira mbeta, kapena akaitanidwa kukayesedwa ntchito, nkuyamba ndi "zikuyenda madala?", wadzitsekera yekha khomo. Anthu sadzamuuza chifukwa chake. Adzangoti mwanayu ngosaleredwa, ndipo manyazi adzagwera makolo ake. Ambiri mwa ana otere sikuti ndi amwano. Vuto nlakuti palibe yemwe adawaphunzitsa kayankhulidwe kenako. Ali ngati munthu yemwe ali ndi malaya amodzi, omwewo kudimba, omwewo kuukwati.

Ndipo pamenepa makolo tisathawe udindo. Mwana amaphunzira "inu" pomva bambo ake akuyankhula ndi mayi ake. Amaphunzira "odi" poona mayi ake akufika pakhomo pa eni. Ngati m'nyumba mwathu mawu ndi otukwanizana kuyambira m'mawa, ngati bambo akamachokera kumowa mudzi wonse umatseka makutu a ana, tisadabwe mwana akamayankhula zomwezo pasiteji. M'mera mpoyamba. Ena mwa ife tidafika poganiza kuti mwana woyankhula Chingerezi chokhachokha ndiye wotsogola, mpaka kumukalipira akayankhula Chichewa pakhomo. Mwana wotere Chichewa chake amakachitola kumsewu, ndipo kumsewu kulibe yemwe amaphunzitsa kulonjera apongozi.

Kusukulu nako nkhaniyi ili ndi mtengo wake. Chichewa ndi phunziro lomwe limayesedwa ndi bungwe la Maneb, ndipo wolemba chimangirizo kapena kalata ya ntchito amayenera kutsata malamulo a chiyankhulo. Mwana amene wazolowera kudula mawu pa WhatsApp ndi pa Facebook, kulemba zilembo zitatu m'malo mwa liwu lathunthu, dzanja lake limachita zomwezo m'chipinda cha mayeso ngati sadaphunzitsidwe kusiyanitsa. Kulephera phunziro la chiyankhulo chomwe udayamwira nzomvetsa chisoni, makamaka kwa banja lomwe lagulitsa mbuzi kapena matumba a soya kuti lilipire fizi.

Koma aphunzitsi asathamangire chikwapu. Mwana amene amatha kupeka liwu loseketsa anzake onse m'kalasi ali ndi luso lomwelo lomwe lidapeka zining'a zomwe zili m'mabuku. Yemwe adayamba kunena kuti "kutsina khutu", "kupala moto kudambwe" kapena "kugwiritsa fuwa lamoto" adachita zomwe anyamata athu akuchita lero: kutenga chinthu chodziwika nkuchipatsa tanthauzo lina. Mphunzitsi wanzeru akhoza kuuza ophunzira kuti alembe nkhani imodzi kawiri, koyamba monga angauzire mnzawo, kachiwiri monga angauzire a mfumu. Mwana akazindikira kuti ali ndi ziyankhulo ziwiri m'kamwa mwake ndipo akhoza kusankha, ntchito yatheka.

Tsopano tibwere ku mbali yomwe ikutipweteka kwambiri, yomwe siikhudza ana okha. Pali mawu a tsiku ndi tsiku omwe ntchito yawo ndi kuchapa zoipa kuti zioneke zoyera. Palibe amene amapempha chiphuphu pochitchula dzina lake. Amati "ya fanta", "kangachepe", kapena "tiganizireni". Wakuba ndalama za boma sitimutcha mbava, timati wasolola, kapena timamuyamikira kuti ndi dolo, amadziwa madhilu. Mu 2013 dziko lino lidadzidzimuka ndi kubedwa kwa mabiliyoni a makwacha ku Capital Hill, nkhani yomwe idatchedwa Cashgate, ndipo maiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo ku bajeti ya boma. Sipadatenge nthawi, liwulo lidasanduka nthabwala. Munthu akamanga nyumba yabwino anzake ankamuseka kuti wapanga kashigeti, iye nkumasekanso.

Tiyeni tiganizire bwino. Wakuba nkhuku pamudzi timamutcha wakuba ndipo ena amafuna kumuotcha, zomwenso ndi mlandu. Wakuba ndalama zogulira mankhwala a m'chipatala timamupatsa dzina lofewa lomwe limamveka ngati luso. Mwana amene akukula akumva zimenezi akuphunzira kuti kuba kwakukulu ndi nzeru. Bungwe lothana ndi katangale la Anti-Corruption Bureau likhoza kumanga anthu, koma silingamange mawu omwe timayamikira nawo akuba pakhomo pathu. Imeneyo ndi ntchito yathu.

Nzofanana ndi nkhani ya abambo omwe amanyenga ana asukulu. Chichewa chili ndi dzina lawo lomwe silibisa kanthu: chidyamakanda. Liwu limeneli limaluma, ndipo liyenera kuluma. Koma lero tikumva maina ofewa obwereka kunja monga "bulesa", ngati kuti bamboyo akudalitsa mwanayo. Malamulo a dziko lino adasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Bambo wogona ndi mwana wa Fomu 1 sakudalitsa aliyense, akupalamula mlandu ndipo akuononga tsogolo la mwana wa mnzake. Apa ndiye tikupempha kuti liwu lakale lija lisafe.

Pali mawu enanso omwe ntchito yawo ndi kubaya. Amene adaliko m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira maina omwe tidapatsa Edzi, matenda omwe adapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985: kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma. Maina amenewa ankanenedwa monong'ona munthu wowonda akamadutsa, ndipo ambiri adaopa kukayezetsa magazi poopa kulozedwa chala. Boma litayamba kupereka mankhwala a ma ARV mwaulere mu 2004, padafunikanso ntchito yaikulu yosintha kayankhulidwe kuti anthu atuluke m'nyumba. Lero timati munthu ali ndi kachilombo ndipo akumwa mankhwala otalikitsa moyo, ndipo maina achipongwe aja akuzilala. Uwu ndi umboni wakuti mtundu wa anthu ukhoza kusiya mawu oipa ukafuna.

Ntchito yomweyo ikufunika pa abale athu achialubino, omwe kalembera wa 2018 adapeza kuti ngoposa 134,000. Kuyambira cha m'ma 2014 dziko lino lidachita manyazi ndi kuphedwa komanso kubedwa kwa anthu amenewa chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango mu 2016. Koma pamisika ina pamapezekabe anthu omwe munthu wachialubino akamadutsa amakuwa kuti "ndalama izo", ena nkumaseka. Wonenayo amati akungocheza. Koma nthabwala imeneyi ndi yomwe imadyetsa bodza lomwe laphetsa anthu. Mayi yemwe mwana wake wanenedwa choncho sagona tulo usiku umenewo. Maina akale onyoza anthu achialubino ndi anthu aulumali nawonso ngofunika kuwataya, ngakhale ali Chichewa chenicheni. Ukale wa liwu sindiwo ubwino wake.

Ndiye poyeza mawu tisamafunse kuti kodi ndi atsopano kapena akale, a m'tauni kapena a kumudzi. Tizifunsa kuti kodi akunenedwa kwa yani, pamalo pati, ndipo akumusiya bwanji womvayo. "Bho" wa mwana wanu sadapweteke munthu. "Ya fanta" ya bambo wovala tayi yapweteka dziko.

Tikupempha mawailesi, omwe achuluka zedi chibwerereni ufulu wa zipani zambiri, kuti akumbukire kuti iwo ndi sukulu yaikulu kuposa ina iliyonse. Pologalamu ya achinyamata iyankhule chinyamata, palibe vuto. Koma nkhani, mauthenga a maliro ndi zokambirana za chitukuko zikhale m'Chichewa chomwe agogo ku Nsundwe ndi mdzukulu wawo ku Ndirande angamve mofanana. Kusakaniza Chingerezi pa mawu atatu aliwonse pomwe Chichewa chake chilipo si chizindikiro cha maphunziro, ndi ulesi, ndipo kumasiya kunja omvera ambiri omwe uthengawo udawalinga.

Tikupemphanso akatswiri athu a ziyankhulo kuti apite kumsika ndi makope awo. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre adatulutsa buku lotanthauzira mawu a Chimang'anja mu 1892 pomvetsera momwe anthu ankayankhulira m'midzi. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies adatuluka mu 2000, mafoni a m'manja asadafike m'midzi yambiri. Kuchokera nthawi imeneyo mawu ambirimbiri abadwa, ena afa, ena akhazikika. Mpofunika kuwalemba, ndi kusonyeza pambali pake kuti awa ngocheza, awa ngaulemu, awa ngachipongwe. Buku lotere lingathandize mphunzitsi, mtolankhani, womasulira m'khoti ndi kholo lomwe. Boma liike ndalama pantchito imeneyi, chifukwa chiyankhulo nacho ndi chuma cha dziko.

Kwa inu achinyamata, mawu athu ndi awa: pekani mawu, sekani, chezani, chiyankhulochi nchanu. Ambiri mwa mawu anuwo adzatha okha pakapita zaka zochepa, monga adathera a achimwene anu, pakuti tsabola wakale sawawa. Ochepa adzakhala ndipo adzukulu anu adzawapeza m'mabuku. Koma musalole kuti chinyamata chikhale chiyankhulo chokhacho chomwe mukuchidziwa. Khalani pansi ndi agogo anu akadali moyo, mumve momwe amapepesera pamaliro, momwe amayambira nkhani pabwalo, momwe amakanira chinthu popanda kukhumudwitsa wopempha. Tsiku likubwera lomwe mudzaimirire pamaso pa anthu kuyankhulira banja lanu, ndipo tsiku limenelo "shapu" sadzakuthandizani.

Kwa makolo, madzulo ano mwana akanena liwu lomwe simukulidziwa, musayambe ndi kukalipa. Mufunseni tanthauzo lake. Mukatero mudziwa zomwe ana anu akukambirana, zabwino ndi zoopsa zomwe, ndipo iye adzakhala wokonzeka kumva mukamuuza kuti liwu limenelo lithere pabwalo la mpira, lisafike pamaso pa azakhali ake. Kenako nafenso tidziyang'ane, tione mawu omwe timatchulira chiphuphu, wodwala, wolumala ndi mwana wamkazi wa mnzathu.

Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mawu omwe tikuyankhula pamsika, m'minibasi ndi pakhomo ndiwo omwe ana athu adzatikumbukire nawo. Tiyeni tiwasiyire Chichewa chamoyo, chodziwa kuseka, chodziwanso kugwada.